Zikhomo za a Lufeyo

Kumapeto kwa Julaye uno kwakwana chaka chiwaikire m'manda a Lufeyo, ndipo ine mpaka lero ndikuvala juzi molakwika. Tsiku lina ndimafika ku sukulu thukuta lili kamukamu m'chijuzi chaubweya, tsiku lina ndimafika mano akugundana ndili m'kabulauzi. Zaka khumi ndi zinayi zimene ndaphunzitsa kuno ku Mitundu sindinkavutika kuganiza za zimenezi. Nyumba yanga inayandikana ndi yawo, ndipo madzulo aliwonse mawu ankadumpha mpanda: "Aphunzitsi, mawa juzi!" Kapena: "Aphunzitsi, mawa musadzivute." Ine ndinkangomvera, ndipo ndimawasowa kwambiri.

Ku msika sankawatchula dzina lawo. Ankati a Zikhomo, iwo n'kumayankha mosanyinyirika. Anali munthu wamfupi, wadazi, woyenda mothamanga ngati wasiya nyemba pamoto. Unyamata wawo wonse anagwira ntchito pa siteshoni ina yoyezera nyengo, kudzuka m'mawa kukawerenga kuzizira, kuyeza mvula imene yagwa, ndi kutumiza manambalawo ku likulu. Atapuma pa ntchito anadzakhazikika kwawo kwa akazi awo, a Nambewe, koma ntchitoyo sinawachoke m'thupi. Anakhoma okha kabokosi koyera ka matabwa, ka timipata m'mbali, n'kukaimika pa miyendo inayi pakati pa bwalo. Mkati mwake munali themometa, choyezera kutentha ndi kuzizira. Alendo ankayesa ndi khola la nkhunda, moti mlendo wina wa mtima wabwino anawabweretseradi nkhunda ziwiri. A Lufeyo anathokoza, a Nambewe anazikazinga.

Sikisi koloko m'mawa inkawapeza pa kabokosiko, kope m'manja, pensulo kukhutu. Bolopeni ankadana nayo chifukwa inki imafufutika ndi mame. Ukawauza kuti lero kwazizira, ankakufunsa kuti kwazizira kuti, pakhonde kapena kudambo, ndipo mochuluka bwanji. Sankalonjeza kanthu kotheratu. Kwa iwo wolosera nyengo amene amati "ndithu" anali wabodza kapena watsopano pa ntchito. Chilichonse ankachiyeza m'magawo khumi: mawa kuzizira, magawo asanu ndi awiri, minibasi ya ku Lilongwe kunyamuka isanadzaze, gawo limodzi. Tsiku lina a Nambewe anawafunsa ngati abwere kudzadya masana, iwo anati magawo asanu ndi limodzi. Atabwera anapeza ndiwo zochepa m'mbale. A Nambewe anati awasungira magawo asanu ndi limodzi omwewo, anayi otsalawo adya okha.

Dzina la a Zikhomo linachokera ku dimba. Dimba lawo linali lotsetsereka, kuyambira pachulu kumtunda mpaka pachitsime pansi pa dambo. Pamzere umenewo a Lufeyo anakhoma zikhomo makumi awiri za bulugamu, zotalikirana mapazi asanu, zolembedwa manambala ndi penti wofiira. Wani anali pachitsime, twente pachulu. Chaka chilichonse kumapeto kwa Epulo ankawokera tomato mmodzi patsinde pa chikhomo chilichonse. Ankamuthirira, ankamupalira, koma sankamuphimba ndi udzu ngakhale kuzizire bwanji. Chisanu chikagwa, m'mawa mwake ankayenda mumzerewo kuona kuti tomato wawauka mpaka chikhomo chiti, n'kulemba nambalayo m'kope.

Anandifotokozera kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankayambira poyamba ngati sindinamvepo. Mpweya wozizira ndi wolemera. Kumwamba kukayera, mphepo n'kuleka, mpweyawo umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pansi pa dambo. Chaka china umadzaza mpaka chikhomo cha folo, chaka china mpaka cha teni. N'chifukwa chake amayi a madimba oyandikana nawo ankabwera kudzafunsa asanawokere. A Lufeyo ankamvetsera ulosi wa pa wailesi, ankatsegula makope akale kufuna zaka zofanana nazo, kenako ankati chaka chino musatsike kupitirira chikhomo chakuti.

Makopewo ndiwo anali chuma chawo. Ankawasunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, tsamba lililonse chaka chake. Chimene ankanyadira kwambiri si kulosera molondola ayi, koma kuti panalibe chaka chodumpha. Ankanena kuti manambala a zaka zambiri amakhala ndi mphamvu pokhapokha ngati ali ondondozana, ndipo chaka chimene sunayeze sichibweranso ngakhale uchilirire. Maliro, malungo, ukwati wa mwana wawo ku Dedza, zonsezi zinachitika, koma mzere wa tomato unawerengedwa. Kwa zaka makumi awiri tsamba lililonse linali ndi nambala yake.

A Nambewe mzerewo ankautcha tomato wa nsembe, ndipo ankakangana nawo chaka ndi chaka.

"Anthu amadzala tomato kuti adye, inu mumadzala kuti afe," ankatero. "Ndiye mumadzuka m'mawa kukasangalala kuti wafa mpaka pati. Koma abambo inu!"

"Amafa kuti wanu akhale moyo, a Nambewe."

"Wanga amakhala moyo ndi msana wangawu. Makeni a madzi amene ndimakwera nawo mpaka chikhomo cha teni munawalembapo m'kope?"

Pamenepo a Nambewe ankanena zoona. Madzi ali pansi, malo otetezeka ku chisanu ali kumtunda, ndipo pakati pake pali munthu wonyamula makeni awiri. A Lufeyo ankathandiza, koma keni yachitatu isanafike ankapezeka ataima akuyang'ana mitambo.

Mkangano wina unali ndi alamu awo, a Chikuse a ku Nathenje, mchimwene wa a Nambewe. A Chikuse anagula foni yoonetsa nyengo, ndipo kuyambira tsiku limenelo anaona kuti alamu awo atha ntchito. M'mawa uliwonse wa Juni ankaimba. Ine ndinkamva zonse ndikusesa pabwalo, chifukwa a Lufeyo foni ankaiyankhula ngati munthu ali kutsidya kwa mtsinje.

"Alamu, foni yanuyo ikuti bwanji? Madigiri leveni? Nanga ya Mitundu ikuti bwanji? Leveninso? Ndiye Mitundu ndi Nathenje ndi nyumba imodzi? Kuno bokosi likuti seveni, ndipo kudambo sindinafikeko!"

Koma musayese kuti ankadana ndi makompyuta. Ankawalemekeza kwambiri, ndipo ankawadziwa kuposa a Chikuse amene ankawatamandawo. Anandiuza kuti akatswiri amamanga dziko lonse mu kompyuta, ndi mphepo zake, mitambo yake ndi nyanja zake zikuluzikulu, n'kulilola kuti liyende miyezi ingapo kutsogolo. Amaliyendetsa kambirimbiri, ulendo uliwonse atasintha pang'ono poyambira, kenako amawerenga kuti ndi kangati lanena kuti kuzizira. Dziko limenelo limayankha molingana ndi mamangidwe ake. Wina amasamala kwambiri za kutentha kwa nyanja, wina za mphepo za m'mwamba, ndiye makompyuta awiri amatha kutsutsana monga iwo ndi alamu awo. Cholakwika chimene ankaona chinali chimodzi, ndipo anachionetsa pagulu chaka chimene ndikufuna kunena.

Chaka chimenecho, mu Epulo, kunabwera mtsikana wa ku ofesi ya zanyengo kudzayankhula ndi alimi a madimba. Dzina lake anali Tadala. Anali waulemu, wovala chitenje pamwamba pa thalauza, ndipo analongosola bwino kuti ulosi ukuonetsa kuti nyengo yozizira ya chaka chimenecho idzakhala yofunda kuposa masiku onse. Amayi anaomba m'manja. A Lufeyo anaimika dzanja, n'kudzuka ndi jumbo yawo. M'jumbomo anatulutsa kachidutswa ka waya wa khola la nkhuku, sefa ya a Nambewe, ndi nyemba zodzaza dzanja.

"Mayi, dziko la mu kompyuta yanuyo munalidula m'mabokosi, eti?"

"Eya, bambo."

"Bokosi limodzi limayambira pati, kulekeza pati?"

Tadala anaseka. "Lingathe kuyambira kuno mpaka kupitirira Nathenje."

"Ndiye chulu changa, chitsime changa, msika uno ndi khonde la alamu anga ku Nathenje, zonse nambala imodzi?"

"Nambala imodzi, bambo."

A Lufeyo anakhuthulira nyemba zija pa waya wa nkhuku. Zonse zinadutsa n'kumwazikana pansi. Anatola zingapo, anaziika mu sefa, zinakhala. "Dambo lathu ndi nyemba iyi," anatero. "Kompyuta yanu si yabodza ayi. Koma maso ake ndi a waya wa nkhuku."

Ndinkaopa kuti mtsikanayo akwiya. M'malo mwake anagwada kuthandiza kutola nyembazo, n'kuvomera pamaso pa onse kuti ulosiwo ukunena za dera lonse ndi nyengo yonse, osati za m'mawa umodzi pansi pa dambo limodzi. Anati kuchepetsa mabokosiwo kumafuna makompyuta amphamvu, komanso manambala enieni ochokera m'malo ngati athu. A Lufeyo anatupa ndi chimwemwe. Anamuuza za zikhomo, ndipo anamulonjeza kuti chaka chimenecho amuonetsa pamene chisanu chidzafike m'chaka chimene kompyuta ikuti n'chofunda. Tsamba la chaka chimenecho ankalifuna kuposa masamba onse. A Nambewe anali kumbuyo, akufunsa anzawo kuti sefa yawo yafika bwanji kumsonkhano.

Koma a Nambewe anamva zawozawo pamsonkhanopo. Anamva mawu akuti "yofunda," ndipo msana wawo unamvanso. Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Pobwerera anauza amuna awo kuti chaka chino akutsika. A Lufeyo anachonderera, anatsegula makope, anawerenga zaka. A Nambewe anati makope sanyamula keni. Anakonza mabedi awo kuyambira chikhomo cha thu mpaka cha naini, mbali zonse ziwiri za mzere wa nsembe uja, pafupi ndi madzi.

Meyi anadutsa wofunda. Juni nayenso anafunda, moti juzi ndinaivala masiku owerengeka. Tomato wa a Nambewe anakula wobiriwira, anachita maluwa, anayamba kubereka. A Chikuse ankaimba m'mawa uliwonse kufunsa ngati zikhomo zili bwino, ngati sizikumva kutentha. A Nambewe ankadutsa pakhonde akuimba nyimbo za kwaya mokweza kuposa masiku onse. A Lufeyo ankangolemba.

Sabata yoyamba ya Julaye kunaomba mwera masiku atatu. Tsiku lachinayi masana mphepo inangoti zii. Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi, ndipo mapiri a Dzalanyama ankaoneka pafupi zedi. Nditaweruka ndinapeza a Lufeyo ataima pampanda, pamalo awo a masiku onse. Sananene za juzi.

"Aphunzitsi, muli ndi mapesi otsala?"

Ndinati alipo. Anandiuza kuti chisanu chigwa m'bandakucha, ndipo tomato wa a Nambewe ali m'kati mwenimweni mwa malo amene chimadikha. Udzu wophimbira mabedi onsewo panalibe. Chotsala chinali kuthirira madzulo omwewo, kenako kuyatsa timoto tambiri kuzungulira mabediwo kusanache. Ndinati ndiye tiyeni, mukudikira chiyani. Anandiyang'ana ngati mwana amene sanamve phunziro.

"Mzere wanga uli pakati pa mabediwo. Ndikayatsa moto, kutentha ndi utsi zikwera mzere wonse. Tomato wanga sawauka, kapena awauka pang'ono, ndipo sindidzadziwa ngati chisanu chikanafika pa seveni kapena pa leveni. Chaka chino chikhala chodumpha."

Zaka makumi awiri zondondozana zinali mbali imodzi, pamodzi ndi lonjezo lawo kwa Tadala ndi mwayi wotseka pakamwa a Chikuse. Mbali ina kunali miyezi itatu ya thukuta la mkazi amene sanawamvere. Ndinafunsa kuti chisanucho chibweradi.

"Magawo asanu ndi anayi."

"Nanga moto muyatsa?"

"Khumi onse," anatero, n'kutembenuka kukatenga wilibala. Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa, ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akunena chinthu chotheratu.

Dzuwa lisanalowe tinatuta mapesi, zitsononkho ndi mankhusu, n'kuziunjika timilu timilu m'mbali mwa mabedi. A Nambewe ankathirira akung'ung'udza kuti amuna awo akufuna kungoopseza anthu. A Lufeyo tsiku limenelo ananyamula makeni osayang'ana mitambo, poti kunalibe mtambo woti auyang'ane.

M'bandakucha tinatsikira kudambo titafunda mabulangete. Udzu wa m'njira unali woyera, ukuthetheka pansi pa nsapato. A Nambewe ataona zimenezo analeka kung'ung'udza. A Lufeyo ankathamanga uku ndi uku ndi muuni wa mapesi, kuyatsa mulu uwu, kukupiza uwo, kutsokomola, kulamula ngati kapitawo. Utsi unagona pamwamba pa tomato osakwera, kenako unayamba kukwawa pang'onopang'ono kutsata zikhomo mpaka kuchulu. Ndinawaona ataima kamphindi akuuyang'ana. Kenako anawerama n'kuwonjezera mapesi pamoto.

Dzuwa litatuluka, nyemba za dimba loyandikana nalo zinali zitalefuka, masamba akuda. Tomato wa a Nambewe anangowauka nsonga m'mabedi a m'mphepete. Tinachita zimenezi m'mawa katatu motsatizana, kenako mphepo inabwerera ndipo chisanu sichinagwenso chaka chimenecho. Ndinawauza a Lufeyo kuti angoyerekeza nambala poona madimba a ena, palibe angadziwe. Anandifunsa ngati ine ndimapereka malikisi kwa mwana amene sanalembe mayeso. Ndinachita manyazi.

A Chikuse anaumirira kuti foni inalondola, popeza nyengo yonse inalidi yofunda. A Lufeyo anavomera. Anati kompyuta inanena zoona za bokosi lonse ndi miyezi yonse, kungoti tomato safa ndi miyezi, amafa ndi m'mawa umodzi. A Chikuse anapita kwawo ndi dengu la tomato wa mlongo wawo pa njinga, akutsutsabe.

Tadala anabweranso chaka chotsatira, tsopano kunyumba kwenikweniko. Anati akufuna kujambula makope onse ndi foni, kuti ayerekeze ndi zimene kompyuta inkanena zaka zimenezo, aone kuti imaphonya motani m'madambo ndi momwe angaikonzere. A Lufeyo anavala jekete la ku tchalitchi. Anatsitsa chitini chija ndi manja awiri. Mtsikanayo anajambula tsamba ndi tsamba, mpaka anafika pa chaka chimene anachidzera. Anaima, n'kuwerenga mokweza: "Chaka chino sitinayeze. A Nambewe anakolola."

"Bambo, chaka chimene ndimachifuna kwambiri ndi chimenechi!"

"Nanenso ndinkachifuna, mayi. Mukalembe mu kompyutamo kuti woyezayo anali pa banja."

Tadala anaseka mpaka misozi. A Nambewe anali pamphasa akusankha mtedza. Za moto ankazidziwa, poti analipo, koma za tsamba lopanda nambala anazimva tsiku limenelo. Anakankhira mtedzawo pambali. Kenako anati, "Akanapanda kuyatsa motowo akanadya zikhomo zawozo ndi mchere." Anadzuka kukaphika tiyi, ndipo ndinaona kuti kapu ya amuna awo anaithira mkaka wonse umene unatsala m'nyumba.

Anawerenganso mzere wawo zaka zina ziwiri. Chaka chatha chifuwa chinawagwira pakati pa Julaye, atalemba kale nambala ya chisanu chomaliza. Anagona m'chipatala masiku asanu, akufunsa aliyense wobwera kudzawaona ngati wayang'ana m'bokosi. Tsiku la maliro kunazizira, ndipo a Chikuse poyankhula m'malo mwa achibale anayamba ndi kulengeza nambala ya m'mawa umenewo. Anati aiwerenga m'bokosi la alamu awo, foni aisiya m'thumba. Anthu anaseka pamaliro, ena tikulira.

Kabokosi koyera kakadali pakati pa bwalo. Patsogolo pake pali kadothi kolimba, kopanda udzu, pamene mapazi awiri ankaima sikisi koloko iliyonse, ndipo udzu wayamba kulowerera kuchokera m'mbali. Pampanda pali pamene mapesi anapindika chifukwa cha chigongono chawo. Madzulo ndimapezeka ndayang'anako, koma palibe amene amanena za juzi.

Kudambo ndi kumene ndinadabwa. Kumapeto kwa Epulo chaka chino ndinapeza zikhomo zonse makumi awiri zili ndi penti watsopano, manambala okhota pang'ono, ndipo patsinde pa chilichonse pali tomato mmodzi. Mabedi a a Nambewe ali kumtunda, kupitirira chikhomo cha teni, ndipo makeni akukwera nawo okha. Mzere wa pakatiwo amauthirira, amaupalira, koma sauphimba. Sabata yachiwiri ya Julaye, m'mawa kukuzizira, ndinamva mawu a a Nambewe pampanda paja.

"Aphunzitsi, bwerani ndi pensulo. Osati bolopeni. Chisanu chafika pa sikisi."

Ndinalemba m'kope la a Lufeyo, pa tsamba latsopano. Nditamaliza ndinawafunsa mwanthabwala kuti nanga tomato wa nsembe uja wayamba liti kuwakomera. Sanaseke. Anatseka kopelo, analipukuta ndi chitenje, n'kulibwezera m'chitini.

"Ndinawadumphitsa chaka chimodzi," anatero. "Chachiwiri ayi."